Chitseko Chimatsekedwa Pomaliza

Basi yomaliza ndaisiya kudepoti,
zikhato zikadanjenjemera ndi misewu ya Lanzhou,
ndipo ndakupeza, Ruoxi, mphuno ili papepala
ngati ukununkhiza chilembo chimene chakubisalira.

Wongola msana, mwanawe.
Pakati pa chifuwa ndi tebulo palowe chibakera,
changachi ayi, n'chachikulu, yesa chako.
Pensulo usaikanyange pakhosi, sinakulakwire.
Igwire monga ugwirira timitengo todyera
potola nyemba imodzi yotsalira m'mbale.

Kope lako ndi timinda tating'onoting'ono,
kalikonse kodulidwa panayi ndi timadontho.
Aphunzitsi ako a Kou amati chilembo chizikhala pakati,
chisatsamire mpanda,
chisaponde mwendo m'munda wa mnzake.
Koma chako cha "munthu" chija,
timizere tiwiri tokha togwirizizana,
chapendekera ngati woledzera wodikira basi yanga.

Ndaseka. Sindikanayenera kuseka.
Labala wadya pepala mpaka kuliboola,
msozi wagwera pa dzenjelo, tapu,
nyenyeswa zakuda zili mbwee pa thewera la tebulo.

Tiyambirenso, palibe akutithamangitsa.
Wopingasa uyambe, wotsika ubwere pambuyo.
Pamwamba kaye. Kumanzere kaye.
Ndipo ukafika pa "dziko", tamvera:
imika makoma atatu,
lowetsa mwala wonyezimirawo m'kati ndi kadontho kake,
ukatero tseka pansi.
Iwe umathamangira kutseka.
Ine nditatseka chitseko okwera akadali panja,
ungadye chiyani mawa?

Apo waseka ndiwe.

Zitatu zokha zolembedwa bwino, kenako kamwe madzi.
Tambasula zala, uone kamene katupa pa chapakatichi.
Mzere wathunthu wolemba ukuyasamula
sufika pa chimodzi cholemba maso ali gwa.

Tsono latsala dzina lako.
Tinalisankha ndi amayi ako pa benchi ya kuchipatala,
kuwala kwa m'bandakucha,
osawerenga kuti ndi mizere makumi awiri.
Pa mayeso anzako amakhala afika funso lachiwiri
iwe ukadamangirira dzuwa kumanzere,
nyanga za nkhosa pamwamba,
mkondo ukukudikira pansi.
Wati tikanakutcha "chimodzi",
kamzere kamodzi, kwee, basi wamaliza.

Wandikankhira pensulo. Lembani inu, bambo.

Ndakhala pa kampando kako, maondo kukhudza tebulo.
Dzuwa ndalemba.
Nyanga ndalemba.
Kenako dzanja laima
ngati basi yothima pakati pa mlatho.
Zaka zingati izi ndikungodina foni,
iyo n'kumandisankhira zilembo, ine n'kumavomera?
Dzina lomwe ndinalinyamula m'kamwa
kuchokera kuchipatala mpaka kuno
lathawa m'zala zanga osatsanzika.

Sunaseke.
Wangoima kumbuyo kwanga pa zala za kumapazi,
kadzanja kako kofunda, kakuda ndi makala a pensulo,
kakwera pamwamba pa langa.
Msana, bambo.
Chibakera chili kuti?
Mukuifinya, ikumva kuwawa.
Ndipo tatsika limodzi, kamzere ndi kamzere,
iwe ukuwerenga mokweza,
khumi ndi zitatu, khumi ndi zinayi,
ine ndikupuma ngati wokwera phiri,
mpaka kadontho kotsiriza kakhala pamalo pake.

Latuluka lonenepa, laphwanya mpanda mbali zonse.
Walizunguliza ndi pensulo yofiira
monga amachitira a Kou,
nundilamula kuti ndilembenso katatu.

Amayi ako akadali pa ntchito ya usiku.
Akabwera akapeza kope lotsegula patebulo,
mizere iwiri yosafanana,
ndipo sadzavutika kudziwa wanga.

Gona tsopano. Mawa ndinyamuka kusanache,
magalasi a basi adzakhala atachita nkhungu.
Injini ikamatenthetsa, okwera asanafike,
ndidzayesa ndi chala pa galasi la kumbali:
dzuwa kumanzere,
nyanga pamwamba,
pansi paja ndikasokonezanso, madzulo undionetse.